Mpeni wa agogo, dzimbiri ndi kamwana ka zaka zinayi

Agogo anga aamuna atamwalira kwathu ku Ntcheu, katundu wawo sanavute kugawa chifukwa sanali wambiri. Njinga inapita kwa amalume, wailesi inatsala ndi agogo aakazi, ndipo jekete yomwe ankavala popita ku tchalitchi anatenga ang'ono awo. Ine, mdzukulu wa m'tauni yemwe ndinali nditangomaliza kumene ku yunivesite, sindinkayembekezera kanthu. Koma m'mawa wa tsiku lomwe ndinkabwerera ku Zomba, amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifumbatitsa kanthu kokulungidwa m'kachigamba ka chitenje.

"Agogo ako ankati uwu ndi wako. Usakataye."

Unali mpeni wawo wopinda uja. Chigwiriro chake cha mtengo chinali chitada ndi thukuta la m'manja, ndipo chitsulo chinali chitaonda chifukwa chonoledwa zaka zambiri. Kumsana kwake kuli kamphete komwe umakoka ukafuna kuupinda. Mpeni umenewu ndinkaudziwa kuyambira ndili wamng'ono. Ndi umene unkatisendera nzimbe pakhonde, unkasema mipini ya makasu, unkadula luzi, unkasongola mapensulo athu, ndipo pa Khirisimasi tambala ankathera pomwepo. Akamaliza ntchito, agogo ankaupukuta pa thalauza kawiri, uku ndi uku, n'kuupinda, n'kuubwezera m'thumba.

Anaugula ku Joni. Anali m'gulu la Amalawi omwe ankapita kukagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ndipo anabwerako chisanafike chaka cha 1974, pomwe ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuyamba laimitsa maulendowo. Ndalama za ku Joni zinatha kalekale, malata omwe anagula anadooka, koma mpeni unatsala.

Pachitsulo pake, ukauyang'anitsitsa padzuwa, pamaoneka dzina loti Okapi ndi mawu osonyeza kuti unapangidwa ku Germany. Poyamba zinandidabwitsa, chifukwa ine Okapi ndinkaudziwa ngati mpeni wa ku South Africa. Nditafufuza ndinapeza kuti mipeni imeneyi inayamba kupangidwa ku Germany mu 1902 kuti izigulitsidwa kuno ku Africa, ndipo fakitale yake inasamukira ku South Africa mu 1988. Ndiye kuti agogo sankanama: mpeniwu ndi msinkhu umodzi ndi amayi anga.

Umodzi unabala isanu ndi iwiri

Sindinakonzekere zosonkhanitsa mipeni. Zinangoyamba ngati macheza. Ukakhala ndi chinthu chimodzi chomwe chili ndi mbiri, umayamba kuona zinzake paliponse. Tsiku lina basi itaima pa Lizulu ndinagula mpeni kwa bambo wina wosula, wopangidwa kuchokera ku chitsulo cha sipuling'i ya galimoto, uli m'chimake chachikopa chosokedwa bwino. Kenaka mnzanga yemwe anapita kukachita maphunziro kunja anandibweretsera Opinel, mpeni wopinda wa ku France womwe unayamba kupangidwa mu 1890. Pamsika wa zinthu zakale ndinatola kampeni kofiira ka Victorinox ka ku Switzerland, kaja kamakhala ndi kasizasi ndi chotsegulira mabotolo. Panabwera wina wotumbulira nsomba wochokera ku Mangochi, wina wamkulu wa kukhitchini wa Tramontina, ndi chikwanje chomwe mpaka lero sindidziwa kuti ndinagulira chiyani, poti nyumba ya lendi yomwe ndimakhala ilibe ndi kadimba komwe.

Anzanga ankandiseka. "Aise, ukufuna kutsegula butchala?" Ine ndinkangoseka nawo. Wa kukhitchini unkakhala kukhitchini, chikwanje kuseri kwa chitseko, ndipo ina yonse ndinkaiunjika m'katoni ya nsapato pansi pa bedi. Ndinkaganiza kuti kusunga chinthu ndi kuchibisa basi.

Amene anakhalapo ku Zomba akudziwa mvula ya kumeneko. Ikayamba, zovala siziuma, makoma amachita thukuta, mchere umasungunuka m'botolo. December wina ndinachoka milungu itatu, ntchito kenaka tchuthi kumudzi. Usiku woti ndinyamuka mawa lake ndinadulira mango mpeni wa agogo, n'kuupukuta mwachisawawa, n'kuupinda, n'kuuponya m'katoni muja.

Nditabwerera mu January, nsapato zonse zinali zitachita chuku. Mtima unagunda. Ndinasolola katoni ija, yomwe inali itafewa ngati buledi wonyowa. Mpeni wa pa Lizulu unakanirira m'chimake, ndipo nditaukoka mwamphamvu unatuluka uli psuu. Opinel anakana kutseguka chifukwa mtengo wake unali utafufuma. Wa agogo unatseguka molira, ndipo dzimbiri linali litayala kuyambira kunsonga mpaka pa dzina paja.

Ndinakhala pansi kwa kanthawi osachita kanthu. Mpeni woti unapirira migodi, maulendo, mvula za zaka 50 m'thumba la munthu wosaphunzira, ine wa digiri ndinauwononga m'milungu itatu. Amayi akandifunsa ndidzati chiyani?

Safunsa anadya phula

Chinthu choyamba chomwe ndinachita chinali cholakwikanso. Ndinakwecha mipeniyo ndi mchenga ngati mapoto, n'kuipaka mafuta ophikira. Patatha milungu ingapo mafutawo anasanduka ulimbo, akununkha chiwawa, fumbi litamatirira, ndipo polumikizira mpeni wa agogo panalimba kuposa kale.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wokonza makina osokera pakhonde la sitolo ina mumsika. Ndinapita kukasoketsa thalauza kwa telala woyandikana nawo, nkhani n'kufika pa mpeni. Anautenga, kuutembenuza, kuutsegula ndi kuupinda kangapo.

"Uwu ndi wakale, mwana wanga. Mwini wake ali kuti?"

"Anatisiya, bambo. Anali agogo anga."

"Ndiye iweyo ukuusunga, eti? Vuto ndi limenelo. Iwowo sankausunga, ankaugwiritsa ntchito."

Anandifotokozera zomwe pambuyo pake ndinadzaziwerenganso pa intaneti m'Chingerezi chambiri. Dzimbiri limabwera chitsulo chikakumana ndi mpweya ndi chinyezi, ndipo mchere kapena madzi owawasa a zipatso monga mango, mandimu ndi tomato amalifulumizitsa. Mpeni womwe ukugwira ntchito tsiku ndi tsiku umapukutidwa, kunoledwa ndi kuonedwa, choncho dzimbiri silipeza mpata. Wogona m'katoni pasimenti yozizira ulibe woulondera.

Mipeni siifanananso. Yambiri ya m'masitolo masiku ano ndi ya stainless steel, chitsulo chosakanizidwa ndi chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100 aliwonse, yemwe amapanga kachikuto kosaoneka ndi maso kotchinga dzimbiri. N'chifukwa chake Victorinox uja anatuluka m'katoni ali bwinobwino. Koma Okapi wakale, zikwanje ndi mipeni ya osula ndi ya carbon steel. Imanoleka msanga ngakhale pamwala wamba, imathwa bwino, koma ikangonyowa yayamba kale kufiira. Ndipo ngakhale stainless yemweyo, mukamusiya m'madzi amchere amachita timadontho.

Za chikopa anaseka. Chimake chachikopa n'choyendera, si chosungiramo. Chikopa chimamwa chinyezi n'kuchisunga pafupi ndi chitsulo, ndipo mankhwala ofufutira zikopa nawonso amatha kudya chitsulo. Ukafika pakhomo, mpeni utuluke, chimake chikhale pambali.

Pochotsa dzimbiri anandiuza kuti ndisathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinanyika kansalu mu viniga n'kukulunga chitsulo chokha, osakhudza mtengo, kwa mphindi zochepa. Viniga akakhalitsa amadya ndi chitsulo chabwino chomwe. Kenaka ndinatsuka, n'kupaka phala la soda wothira ku therere uja, n'kukwecha pang'onopang'ono ndi kawaya kofewa kotsukira mapoto, kutsata utali wa mpeni. Pa dzina paja ndinagwiritsa ntchito mswachi wakale kuti zilembo zisafufutike. Ndinachita zimenezi madzulo atatu. Dzimbiri lofiira linachoka, koma pafupi ndi nsonga panatsala timaenje tiwiri tomwe sitidzachokanso. Timeneto ndi siginecha yanga pa mpeni wa agogo, ndipo sindinyadira nato.

Anandichenjezanso kuti ndisalimbane ndi mtundu wotuwa moderako womwe umabwera pa carbon steel ikamagwira ntchito. Umenewo si dzimbiri lowononga, ndipo umathandiza kuteteza chitsulo. Mdani ndi lofiira, lokhakhala, lomwe limasiya utoto pachala.

Nanga mafuta? Ophikira amavunda n'kumata, monga ndinadzionera ndekha. Pa mipeni yomwe siikhudza chakudya komanso polumikizira mipeni yopinda, kadontho ka mafuta a makina osokera n'kokwanira. Pa yomwe imadula zodya, ndimagula liquid paraffin ku famase, mafuta oyera opanda fungo aja. Chonde musasokoneze ndi palafini wa nyale, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mpeni womwe ukhale miyezi osagwira ntchito ndimaupaka Vaseline pang'ono. Osachita kunyika ayi, kungoti chitsulo chinyezimire.

Kuchokera pamenepo ndinasintha zambiri. Mpeni ndikaugwiritsa ntchito ndimautsuka nthawi yomweyo n'kuupukuta mpaka uume, ndipo wopinda ndimausiya wotsegula kanthawi kuti madzi a m'kati atuluke. Sindiunyikanso m'beseni la mbale, chifukwa mtengo umafufuma n'kung'aluka, komanso amene akubwera kudzatsuka saona zomwe zili pansi pa thovu. Ndinasiya kuiunjika pamodzi, chifukwa ikamagundana imabuntha ndi kukalana. Uliwonse ndinaudulira kachimake ka pepala lolimba la katoni. Timapaketi ta silica gel tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato ndi zamagetsi, tija timangotaya, ndinayamba kutolera chifukwa timayamwa chinyezi. Ndinkadziona ngati katswiri tsopano.

Koma katoniyo, ngakhale inali yatsopano, inali ikadali malo oti mwana angafikire. Zimenezo sindinaziganizire, poti m'nyumbamo munalibe mwana.

Mphindi zitatu

Chaka chatha achemwali anga anabwera kudzakhala nane mwezi umodzi ali pa maphunziro a kuntchito kwawo, ndipo anabwera ndi mwana wawo wa zaka zinayi. Kamnyamata kochangamuka, kofunsa chilichonse, kotsanzira chilichonse chomwe ndachita.

Loweruka lina m'mawa achemwali ali kubafa, ndinayala mipeni pamphasa pabalaza kuti ndiipukute. Mwana anali kuchipinda, akuonera makatuni pa foni ya mayi ake. Foni yanga inalira, anali a kuntchito, ndipo poti m'nyumba muja netiweki imavuta ndinatuluka panja. Nditayang'ana pambuyo pake, foniyo inatenga mphindi zitatu.

Polowa ndinamupeza atakhala pamphasa, mpeni wa agogo uli m'manja, wotsegula monga ndinausiyira. Dzanja lina anali atagwira kamtengo, ndipo kachala kamodzi kanali m'kamphete kaja akukakoka. Amene anagwirapo Okapi akudziwa kuti ukakoka mpheteyo chitsulo chimamasuka, ndipo chimapindikira komwe kuli zala.

"Ankolo, taonani! Ndikusenda nzimbe ngati inu."

Miyendo inazizira. Pakamwa panabwera mkuwo, koma china chake chinandiuza kuti ndikakuwa adzidzimuka, ndipo ndikalimbana naye kulanda, mmodzi wa ife atemeka. Ndinagwada chapatali pang'ono.

"Eee, wakula ndithu. Tauika kaye pamphasa ndikuonetse posendera pabwino. Pang'onopang'ono. Eya, choncho."

Anauika. Ndinamunyamula n'kupita naye panja, manja anga akunjenjemera moti iye anafunsa ngati ndikumva kuzizira. Sanatemeke ngakhale pang'ono. Koma achemwali anali ataima pakhomo la bafa, ndipo anaona zonse.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anadikira mwana agone masana, n'kundiitana.

"Achimwene, pano pali ziwiri. Zitsulo zanuzi zichoke, apo ayi ife tikafuna kwina kokhala. Mwana ndili naye mmodzi."

Ndinayamba kudziteteza, kuti inali mphindi zochepa, kuti ndi mpeni wa agogo, kuti ifenso tinakula tikuuona. Anandidula.

"Munauonapo uli pansi? Agogo mpeni wawo unkakhala m'thumba mwawo. Zikwanje ndi mipeni ya agogo aakazi ankazisomeka kudenga m'khitchini. Ana tinalipo khumi pakhomo paja, ndani anatemekapo?"

Ndinasowa choyankha. Ndinakumbukira khitchini ya udzu ija, yakuda ndi mwaye, mipeni itasomekedwa pamwamba pa chitseko. Malo amenewo mwana sangafikire, ndipo chifukwa cha moto wa tsiku ndi tsiku ndi malo ouma kuposa ena onse pakhomo. Zomwe ine ndinavutika nazo chaka chathunthu ndi viniga, silica gel ndi intaneti, anthu akale anazithetsa ndi denga limodzi.

Bokosi la loko

Lolemba lake ndinapita kwa kalipentala. Anandikhomera kabokosi ka matabwa ouma, kokhala ndi timizere m'kati kuti mpeni uliwonse ugone pawokha, ndi pokolowekera loko. Kamakhala pamwamba pa wadiropu, kutali ndi simenti ndi khoma lomwe limanyowa, ndipo kiyi wake ali pamodzi ndi makiyi anga a nyumba. Pamwamba pokha sipokwanira, chifukwa mwana wa zaka zinayi amadziwa kukoka mpando. Timapaketi ta silica gel natonso timakhala m'bokosi lokhomalo, chifukwa mwana akhoza kutiyesa shuga.

Ndinachepetsanso katundu. Chikwanje chinapita kumudzi komwe chili ndi ntchito. Wotumbulira nsomba ndinapatsa mayi wina woyandikana nafe yemwe amagulitsa nsomba zokazinga. Wa kukhitchini unachoka m'beseni la masupuni n'kupita pashelefu ya pamwamba, uli m'kachimake kake. M'bokosi munatsala inayi. Chiwerengero chochepa chili ndi ubwino wake: ndikatsegula ndimawerenga, ndikamatseka ndimawerenganso.

Pali malamulo ena ang'onoang'ono omwe tinagwirizana ndi achemwali, ndipo ndimawatsatabe ngakhale anabwerera kwawo. Bokosi silitsegulidwa mwana ali maso, kapena pakhomo pali alendo omwe akumwa. Ndimatulutsa mpeni umodzi pa nthawi, ndipo foni ikalira, mpeni uyambe wabwerera. Popatsa munthu mpeni ndimaupereka chakuchigwiriro, kapena kuuika patebulo kuti atenge yekha. Ukapulumuka m'manja sindiuwakha, ndimangochotsa mapazi. Ndimaonetsetsanso kuti wa kukhitchini ndi wakuthwa, chifukwa wobuntha umafuna mphamvu, ndipo ndi umene umaterereka pa anyezi n'kupeza chala. Mpeni wothyoka sitiuponya kudzala uli choncho, komwe ana amatola zoseweretsa; timaukulunga m'katoni n'kumanga.

Ndinasiyanso kuyenda nawo mwachisawawa. Agogo ankayenda ndi mpeni chifukwa tsiku lawo linali la luzi, nsungwi ndi nzimbe. Langa ndi la laputopu ndi minibasi. Mpeni m'thumba la mnyamata m'tauni usiku umabweretsa mafunso, ndipo pakabuka mkangano umasandutsa nkhani yaing'ono kukhala maliro. Okapi yemweyu ku South Africa ali ndi mbiri ina yosakoma chifukwa cha zigawenga za m'makomboni. Pabwalo la ndege, mpeni ukapezeka m'chikwama cha m'manja umatsala pomwepo. Wa agogo sindingauike pa chiswe chotero. Zoujambula n'kuika pa status nazonso ndinasiya. Si aliyense ayenera kudziwa zomwe zili pamwamba pa wadiropu yanga.

Mwina inu mulibe mipeni isanu ndi iwiri. Koma m'nyumba iliyonse muli mpeni, ndipo mwa ambiri a ife omwe tayamba kukhala patokha, nyumba zathu tinazikonza ngati simudzalowa mwana. Kenaka tsiku lina kwabwera mlongo wanu ndi khanda loyenda, kapena ana a neba alowa kudzaonera TV. Madzulo ano tagwadani pakati pa khitchini yanu, maso akhale pa msinkhu wa mwana wa zaka zitatu, muone zomwe dzanja lake lingafikire. Ine ndinachita zimenezo mochedwa, ndipo ndinangochita mwayi.

Bambo wa makina uja ndinamumvera pa chinthu chimodzi chachikulu: mpeni wa agogo sugonanso miyezi. Sabata iliyonse ndimautulutsa, kusendera nzimbe kapena kusongola pensulo, kenaka kutsuka, kupukuta, kadontho ka mafuta, n'kubwezera. Nyengo ya mvula ndimatsegula bokosi lonse kawiri pa mwezi kuona ngati kufiira kwayambanso. Mvula ziwiri zadutsa, sikunabwerere.

Amayi ndinadzawaululira za dzimbiri lija nditapita kumudzi pa Isitala. Anautenga, kuyang'ana timaenje tija, n'kunena kuti agogo anauthyolapo nsonga akutsegula chitini, ndipo anakhala tsiku lonse akuunola pamwala kuti agogo aakazi asadziwe. Za mwana zija sindinawauze. Achemwali ndi amene anawauza, ndipo zomwe ndinamva tsiku limenelo sizolemba m'magazini.

Kamnyamata kaja kanalinso komweko. Madzulo tinakhala pakhonde lomwe lija, ine ndikusenda nzimbe, iko kali chapatali monga tinapanganirana, kakulandira zidutswa.

"Ankolo, ndikadzakula mudzandipatsa?"

"Ukadzakula, ukadzadziwa kusunga."

"Kusunga n'kutani?"

Ndinapukuta mpeni pa thalauza kawiri, uku ndi uku, n'kuupinda, n'kuuika m'thumba.

"Idya kaye nzimbe. Ndidzakuonetsa."